Nyimbo Imene Meja Ankaifuna

Ndinakwatiwa ndi Wendelin Oertel chifukwa anandikalipira pagulu. Ine ndinali mmodzi wa atsikana oimba kumbuyo m'nyumba ya zisudzo ya ku Orlabrück, tauni yathu ya ku Jeremani, iye ali wochititsa nyimbo watsopano, wowonda ngati bango, atangofika kumene kuchokera ku Leipzig komwe anaphunzira. Anagogoda kandodo kake n'kunena kuti, "Inu achitatuwo, mukuimba kapena mukuitana nkhuku?" Titaweruka anandithamangira kudzapepesa, chipewa chili m'manja, ndipo ndinaona kuti ukali wonse uja unali wobwereka. Munthuyo anali wamantha. Ankaopa agalu, dokotala wa mano ndi mayi anga.

Bambo ake ankaimba limba la m'tchalitchi kumudzi wina wa m'mapiri a Thuringia, choncho Wendelin anadziwa kuwerenga nyimbo asanadziwe kuwerenga mawu. Gulu la oimba la m'tauni mwathu analitsogolera zaka zoposa makumi awiri, ndipo analikweza ndithu, moti anthu ankakwera sitima kuchokera kutali kudzalimvera. Ankapekanso nyimbo zakezake, koma kumeneko mwayi unalibe naye ntchito. Sewero lake loimba linaonetsedwa kangapo, ulendo womaliza oimba anachuluka kuposa omvera.

Chaka cha 1941, asilikali athu atalowa m'dziko la Rasha, mkulu wa chipani m'tauni anabwera kunyumba. Ankafuna nyimbo yogubira, yoperekezera anyamata ku siteshoni. Wendelin sanali wa chipani, koma sanalinso munthu wodziwa kukana. Anailemba masana amodzi, pakati pa chakudya ndi khofi. Mawu anaika ndi mphunzitsi wina, n'kuitcha "Kum'mawa, Anyamata."

"Ndi zinyalala zimenezi, Ottilie," anandiuza. "Aimba kamodzi n'kuiwala."

Sanaiwale. Inalowa pa wailesi, inalowa m'masukulu, wophika buledi ankaiimba mluzu akukanda ufa. Inenso ndinkadzidzimuka ndikuiimba posita malaya. Mwana wathu Reinhold, mmodzi yekhayo, anakwera sitima nyimboyo ikulira papulatifomu, ndipo sanabwerenso. Tinangouzidwa kuti anasowa m'chisanu.

Nkhondo itatha kunabwera asilikali a ku Amereka. Sanakhalitse, anachoka, ndipo kunalowa Arasha ndi akavalo awo ndi ngolo zawo. Apa m'pamene anthu anayamba kusowa. Munthu ankapita kukatunga madzi, chidebe n'kupezeka chokha pampopi. Mphunzitsi wa mawu uja anali atathawira kumadzulo kale. Wendelin anatentha mapepala onse a nyimbo ija m'mbaula, n'kuvundula phulusa ndi chitsulo ngati kuti phulusalo lingaimbe. Galimoto ikaima mumsewu wathu ankasiya supuni m'mwamba mpaka imve yanyamuka.

Anabwera m'mawa wina wa Okutobala, ine ndikusenda mbatata. Anali asilikali awiri, mmodzi anatchula dzina la mwamuna wanga molakwika. Ndinagwira mkono wa jekete la Wendelin osausiya. Msilikaliyo anayesa kundikankha, kenako anangogwedeza mapewa, n'kutitenga tonse.

Anatipititsa kunyumba imene kale munali bwanamkubwa wa boma lathu. Mkulu wa asilikali m'tauni anali Meja Terekhov, munthu wamfupi wa magalasi, wolankhula Chijeremani pang'onopang'ono koma chomveka. Anatipatsa mipando. Anatipatsanso tiyi wa shuga weniweni.

"Bambo Oertel, tauni yopanda nyimbo ndi manda," anatero Meja. "Ndikufuna mutsegule nyumba ya zisudzo. Malasha ndikupatsani. Oimba anu alandira buledi wowonjezera. Mungathe?"

"Ndingathe, bwana Meja. Ndingathe ndithu. Zikomo."

Ndinamva mpweya ukutuluka m'chifuwa mwa mwamuna wanga. Ndinali nditayamba kale kuganiza za buledi wowonjezerayo.

Meja anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi mpango. Akupukuta choncho anayamba kuimba mluzu. Anaimba mosathamanga, osaphonya ngakhale pamodzi, mpaka pamene lipenga limakwera m'mwamba paja.

"Mukuidziwa?"

Wendelin anayang'ana pansi.

"Ine ndinaiphunzira m'mphepete mwa mtsinje," anapitiriza Meja. "Anyamata anu anali kutsidya. Anapachika chimkuzamawu mumtengo, m'mawa uliwonse n'kumatiimbira, kenako mizinga. Nyengo yonse ya chisanu. Tsiku limene ndinakwirira mng'ono wanga, ndikubwerera ndi fosholo paphewa, ndinadzimva ndikuimba mluzu. Nyimbo yake imeneyi." Anavalanso magalasi aja. "Ndi yokoma. N'chimene chimandinyansa. Ndinafunsafunsa kuti anapeka ndani, ndiye taonani, andipatsa tauni yake yomwe."

"Anachita kundiuza kuti ndilembe," anatero Wendelin, mawu ake ngati a mwana. "Mawu si anga, bwana Meja."

"Sindinafunse za mawu. Lamulungu la m'tsogolo muno, masana, mudzaimba nyimbo zimene mukufuna, koma yomaliza idzakhale imeneyi. Nyumba iliyonse idzatumize munthu. Ndipo musadwale, Bambo Oertel. Mukadwala ndidzafunsa gulu lanu lonse kuti mwadwala chiyani."

Tikubwerera kunyumba ndinamuuza kuti tithawe. Malire a kumadzulo, kumene kunalibe Arasha, sanali kutali, anthu ankadutsa m'nkhalango, mlongo wanga anali kutsidya.

"Wamva wekha," anatero. "Ndikachoka atenga Kuno wa lipenga. Atenga onse."

"Ndiye ukhale kuti atenge iwe?"

"Sindikudziwa, Ottilie."

Kuno Pfannstiel anali woimba lipenga, nkhalamba ya mphuno yofiira imene inayamba ntchito m'gululo Wendelin asanafike. Pa oimba onse akale panatsala ochepa: madoda, azimayi a mavayolini, ndi woimba ng'oma amene anabwerako kunkhondo wopanda zala ziwiri. Anasonkhana m'nyumba ya zisudzo atavala makhoti, chifukwa mbali ina ya denga inali ya malata ongosanjika. Ine ndinapita kukathandiza kugawa mapepala. Wendelin anawauza za nyimbo yomaliza. Kuno anakhuthula malovu a m'lipenga lake pansi.

"Bwana Oertel, inu mukuyesa akufuna nyimbo? Akufuna milomo."

"Milomo yanji?"

"Aimika anyamata ake m'makoma, n'kumayang'ana amene pakamwa pakugwedera. Wagwedeza, walowa m'lole."

"Tauni yonse ikuidziwa nyimbo imeneyi, Kuno."

"Eya. Ndiye mwamva kuti kundende za ku Siberia malo anatha?"

Mayi wina wa vayolini anayamba kulira. Kuno anamuuza kuti asade nkhawa, poti mayiyo saimba bwino moti ngakhale Arasha sangazindikire kuti akuimba chiyani. Palibe anaseka.

Mawu a Kunowo anayenda m'tauni monse tsiku lomwelo. Pamzere wa buledi azimayi ankanong'onezana kuti atumiza ndani. Ena anati atumiza agogo ogontha. Mkazi wa wophika buledi, Mayi Zickler, amene kale ankandipatsa moni ali kutsidya kwa msewu, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Amuna anuwo atiphetsa kawiri."

Wendelin anasiya kudya. Ankakhala patebulo la kukhitchini, pafupi ndi mbaula, akuyang'ana khoma. Ndiye tsiku lina masana ndinamupeza akujambula mizere papepala.

"Munthu sangaimbe nyimbo imene sakuipeza poyambira," anatero osadzutsa mutu. "Ndiichedwetsa. Ndichotsa malipenga. Ndiitsitsa pansi, kwa zingwe zikuluzikulu za mavayolini aakulu aja, ndi kuipinda pang'ono. Ikhala yomweyo, Meja sanganene kuti ndakana. Koma palibe mlomo ugwedere."

"Nanga akakwiya?"

"Akakwiya akwiyira ine ndekha."

Anapitiriza kulemba. Sindinamuonepo akulemba chonchija, ngakhale tili achinyamata. Mantha ankamuyendetsa ngati mphepo. Iye akalemba, ine n'kumakopera woimba aliyense gawo lake, zala zitauma ndi kuzizira. Atamaliza anandiitanira ku piyano.

"Tamvera, Ottilie."

Inali nyimbo yomwe ija, koma ikuyenda ngati anthu onyamula bokosi pokwera chitunda. Pamene lipenga linkakwera paja, tsopano panali mawu amodzi otsika, ongokhala osasuntha. Ndinaona papulatifomu, ndinaona khosi la Reinhold litametedwa kumene. Ndinatuluka panja n'kukaima pafupi ndi khola la akalulu mpaka anasiya kuimba.

Lamulungu linafika ndi mitambo. Anthu analowa m'nyumba ya zisudzo mwakachetechete, aliyense atavala zakuda zimene anali nazo, ngati akupita kumaliro a munthu amene sankamukonda. Ine ndinakhala mzere wachisanu. Kumanja kwanga kunali Mayi Zickler, kutsogolo kwanga Bambo Hufnagel, nkhalamba yosokonekera mutu imene kale inkagwira ntchito ku positi, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Ndipo zinali monga ananenera Kuno. Asilikali anaima m'makoma onse awiri, mfuti zili pachifuwa, nkhope zitaloza kwa ife. Meja anakhala yekha kutsogolo, pakati penipeni, chipewa chili pabondo.

Wendelin anatuluka. Suti yake yakuda inkamulendewera. Anawerama, anthu anawomba m'manja pang'ono n'kusiya msanga, posadziwa ngati n'zololedwa. Anaimba nyimbo zakale, za makolo athu, zimene sizinalakwirepo munthu. Sindikukumbuka kuti zinamveka bwanji. Ndinkangoyang'ana msilikali amene anali pafupi nane, mnyamata wa ziphuphu, chala chake chikuseweretsa lamba wa mfuti.

Kenako Wendelin anatsitsa manja, anapukuta chipumi, n'kuwakwezanso.

Zingwe zikuluzikulu zinayamba pansi penipeni. Poyamba anthu sanaizindikire. Ndinaona mitu ikupendekeka. Itafika pakati, wina kumbuyo anatulutsa mawu ngati wabayidwa, ndipo ndinadziwa kuti aizindikira. Mwa omvera panalibe woimba. Sikunali kotheka. Mayi Zickler, amene ana ake awiri anakwera sitima yomwe ija, anagwira pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Kulira kunayamba kuyenda m'mizere mwakachetechete. Ndinati mumtima mwanga, wapambana, Wendelin wanga wamantha wapambana.

"Imani."

Meja sanakuwe. Anangonena, koma gulu lonse linaduka ngati ulusi. Vayolini imodzi inatsalira pang'ono n'kufa.

"Bambo Oertel, imeneyi si imene ndinamva kumtsinje. Maliro timadziwa kulira tokha, sitifuna kutithandiza. Ndikufuna ija."

Wendelin anatembenuka. Nkhope yake inali ngati pepala.

"Mapepala ake kulibe, bwana Meja. Ndinatentha."

"Mapepala?" Meja analoza ndi chibwano. "Agogo a lipengawo akufuna mapepala?"

Maso onse anapita kwa Kuno. Nkhalambayo inayang'ana Wendelin, inayang'ana asilikali, n'kunyambita milomo. Nthabwala zonse zinali zitamuthera. Ananyamula lipenga lake pang'onopang'ono.

Wendelin anakweza kandodo. Oimba anayamba, onse pamodzi, opanda pepala, osaphonya. Ng'oma inagunda, lipenga linang'amba mpweya wozizira uja, ndipo nyimbo ija inadzaza nyumba yonse, yowala, yosangalala, yonyada ngati mkwati. Sinaimbidwepo bwino chonchija. Mantha anawongola chala chilichonse.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mawu anabwera okha. Anakwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi, lilime langa n'kuyamba kuwaumba kuseri kwa mano. Ndinaluma chala cha golovesi. Phazi langa linkafuna kugunda pansi, ndinaliponda ndi linzake. Ndinayang'ana m'mbali osatembenuza mutu: anthu onse anali chimodzimodzi, nsagwada zitalimba, manja atafinya mawondo, tauni yonse ikulimbana ndi pakamwa pake. Asilikali ankayendetsa maso mzere ndi mzere.

Ndiye Bambo Hufnagel anayamba kung'ung'udza.

Anayamba motsika, mutu ukugwedera mokondwa, kenako mawu enieni: "Kum'mawa, anyamata..." Mwana wawo anawatseka pakamwa ndi dzanja lonse. Nkhalambayo inalimbana naye, ikudabwa kuti yalakwa chiyani. Msilikali wa ziphuphu uja anachoka pakhoma. Ndinamva nsapato zake ngakhale ng'oma inkagunda. Anafika pamzere wawo n'kuima, mfuti yake ili pafupi ndi khutu la mayiyo. Mayiyo sanayang'ane m'mwamba. Anangokanikiza mutu wa bambo ake pachifuwa pake ngati khanda, dzanja lili pakamwa pawo, misozi ikugwera pa dazi lawo. Mayi Zickler anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka mafupa analira.

Nyimboyo ndi yaifupi. Tsiku limenelo ndinayesa siitha.

Itatha kunali zii. Panalibe wowomba m'manja, panalibe wotsokomola. Wendelin anaima manja ali m'mwamba, ngati waiwala kuwatsitsa. Ndinasuzumira kutsogolo, ndipo ndinaona kuti Meja anali atatsinzina. Sanayang'ane munthu ndi mmodzi yemwe. Anakhala choncho kanthawi, kenako anatsegula maso, n'kuvala chipewa.

"Inde," anatero. "Ndi imeneyo."

Anatuluka. Asilikali anamutsatira, wa ziphuphu uja pambuyo pa onse. Lole inali panja ndithu, tinaimva ikulira, koma inanyamula asilikali okhaokha. Anthu anakhalabe m'mipando, osakhulupirira, mpaka wina anadzuka, kenako onse anakankhana pakhomo osayang'anana.

Ndinakwera kutsogolo. Wendelin anali asanasunthe. Thalauza lake linali litanyowa mpaka m'nsapato. Kuno anavula khoti lake n'kumufunditsa, n'kumumanga mabatani ngati mwana wa sukulu.

"Tiyeni, Bwana Oertel," anatero. "Mwathamangitsa pang'ono kumapetoku, koma tikukhululukirani."

Masiku otsatira tinkangodikira. Malasha anabwera monga analonjezera Meja, buledinso anabwera, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti zatha. Wendelin sanadzinamize. Ankagona atavala masokosi mophatikiza, jekete lili pampando. Anamutenga sabata yomweyo isanathe, m'mawa, asilikali ena a zipewa zamtundu wina amene sanalole kuti ndigwire mkono wa munthu.

Ndinathamangira kwa Meja. Anandilola kulowa, koma tiyi panalibe.

"Si ine, Mayi Oertel," anatero. "Amenewo ali ndi akuluakulu awo. Anamva kuti m'tauni muno mwaimbidwa nyimbo ija pagulu, ndiye anafunsa kuti mwini wake ndani."

"Munalamula ndinu!"

"Ndinalamula ndine." Anayang'ana pawindo. "Ndinkafuna ndiimve kamodzi ili pafupi, ndione ngati ingandichoke."

"Ndiye yakuchokani?"

Anapitiriza kuyang'ana pawindo. Patapita miyezi ingapo anamusamutsa, sindinamvenso za iye.

Wendelin anamutsekera kumsasa wa akaidi, kuseri kwa waya, ndipo zaka zonsezo sindinkadziwa ngati ali moyo. Ndinkasoka zovala za anthu. Kuno ankabwera Loweruka kudzandiwazira nkhuni mpaka chifuwa chinamutenga. Nyumba ya zisudzo anaipatsa wochititsa wina, mnyamata wochokera ku Berlin.

Anabwerako kumayambiriro kwa 1950. Ndinamupeza atakhala pamasitepe a nyumba yathu, ndikuchokera kumsika, ndipo ndinamupitirira ndikuyesa wopemphapempha. Mano anali atatha, khutu limodzi silinkamva. Za kumsasa sananene, ndipo ndinaphunzira kusafunsa.

Sanaimenso kutsogolo kwa gulu lalikulu. Ankayenda m'nyumba za anthu ndi kachikwama kukonza mapiyano, ndi khutu limodzi lomwelo, ndipo ankakonza bwino. Abusa anamupatsa kwaya ya azimayi okalamba. Anawapekera tinyimbo tambirimbiri, tofewa, toyenera mawu otopa, ndipo mpaka lero m'matchalitchi ena a kuno amatiimba osadziwa mwini wake. Mayi Zickler ankaimba nawo mawu apansi. Ankakangana ndi Wendelin sabata iliyonse, kumunena kuti akuchedwetsa dala.

Anamwalira m'chaka cha 1958, masana, atakhala pampando wake, nyuzipepala ili pamiyendo. Patapita chaka ndinagulitsa piyano chifukwa ndinkasamukira m'chipinda chimodzi. Anyamata onyamula katundu ataipendeketsa pamasitepe, m'kati munamveka kugubuduka. Anatsegula thabwa lapansi, ndipo munali zidutswa za buledi zouma gwa, zodzaza m'ngodya zonse, chilichonse chitakulungidwa bwinobwino m'pepala. Wendelin ankazibisa m'menemo chibwerereni kumsasa, ine osadziwa.

"Mayi, titaye?" anafunsa mmodzi.

Ndinawauza kuti andiikire m'basiketi. Ndinazinyika m'madzi n'kukapatsa nkhuku za aneba.